Kadi ya ku Peckham

Sikirini inathimanso Lachisanu m'mawa, Lumbani ali pakati pojambula denga la nyumba. Inangoti bii. Pansi pa tebulo bokosi la kompyuta linapitiriza kulira ngati likufuna kuuluka.

Mayi Kachingwe anaponya chopukutira mbale pampando. Chiyambire Lolemba nkhani inali yomweyi, ndipo lero silinali tsiku lochita masewera. Pa 2 koloko kampani ina yojambula mapulani a nyumba inali kudzamuyesa mwana wawo pa intaneti, maola awiri athunthu, iye akujambula iwo akuonerera. Zaka ziwiri chimalizireni yunivesite, Lumbani anali akungopakira katundu m'mashelefu. Mpata wachiwiri sanamulonjeze.

Mayiwo za makompyuta sankazidziwa, sukulu analekera sitandade 4. Koma za kupusitsidwa pamsika ankazidziwa kuposa aliyense. Kompyutayo Lumbani analumikiza yekha, chidutswa ndi chidutswa. Chomaliza chinali kadi yotulutsa zithunzi, ndipo imeneyo anakagula mayiwo okha kumsika wa ku Peckham kwa Newton, Mzambia wokonza mafoni. Ananenerera mpaka bamboyo anatuluka thukuta kunja kukuzizira. Ndiye panalibe chofunsa apa. Newton anabwezera powapatsa kadi yodwala.

Lumbani anali atayesa zonse. Anasintha waya. Anabwereka sikirini ya mnzake. Anachotsa madiraiva, mapulogalamu oyendetsa kadiyo, n'kuika atsopano. Anazula kadiyo, kuiuzira, kuibwezeretsa. Chodabwitsa chinali chakuti bokosilo akalikweza patebulo linkagwira ntchito bwinobwino, koma mawa lake likabwerera pakona pake pansi pa tebulo linkangopirira mphindi makumi awiri. Kulisiya patebulo mpaka kalekale sizikanatheka. Tebulolo linali limodzi m'nyumba monse, lodyerapo lomwelo, ndipo amayi ake anali atanena kale kuti sadya moyang'anizana ndi chitsulo. Komanso nthawi iliyonse akati awerame kuti alitulutse, ankamuthamangitsa kaye kuti asesepo. Fumbi la m'nyumba mwawo sankalola kuti munthu alione, ngakhale mwana wobereka okha.

Anayenda kuchoka kukhitchini kupita pakhonde, kubwereranso. Pakhonde mayunifomu awo a kuntchito yosamalira okalamba anali akudonthabe, tsiku lachitatu. Mafulati a ku Thamesmead kumene ankakhala ndi chinyezi chokhachokha, ndipo mazenera a anthu ngati makumi awiri ankayang'ana khonde lomwelo. Chilichonse chinkawanyansa m'mawa umenewo. Anatola foni.

Newton anayamba ndi zoti ali yekha pashopu. Mayiwo anamuuza kuti palibe vuto, mawa Loweruka abwera okha, adzaima pakhomo pake kuyambira potsegula mpaka potseka, ndipo kasitomala aliyense adzamva mbiri ya kadiyo. Azimayi a kutchalitchi abweranso, amakonda kuyenda. Newton anafunsa nambala ya basi.

Anafika cha m'ma 12, atanyamula kadi ina m'chikwama. Akugogoda, Mayi Kachingwe anamuuza Lumbani kuti amuchedwetse pakhomo, iwo akonze kaye pabalaza, mlendo wamwamuna asapeze zinthu zili mbwee.

Newton sanalisunthe bokosilo. Analiyatsa pomwepo pakona, n'kutsegula pulani yolemera kwambiri imene Lumbani anali nayo, nyumba yosanja ya magalasi. Anaizunguza uku ndi uku. Mphindi makumi awiri zinadutsa. Makumi anayi. Ola. Sikirini ili ngwee. Anafunsa ngati bokosilo limapuma bwino, Lumbani n'kumuonetsa mafani atatu amene anamanga yekha. Anamuonetsanso manambala a kutentha, onse ali pansi.

"Mami, iyi kadi ili che bwino. Onani mweka."

"Nanga ingathime mwini wake muli pompano? Ikukudziwani. Chotsani, ikani inayo."

Newton anati inayo ndi yatsopano, si ya mtengo umodzi ndi yoyambayo. Mayiwo anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, n'kupinda manja. Anamufunsa ngati ali ndi ana. Anamufunsa ngati amayi ake ku Chipata akudziwa ntchito imene akugwira kuno. Lumbani anayesa kulowererapo m'Chingerezi chake, anamudula ndi diso lokha. Wotchi inali ikuthamangira 1 koloko ndi theka.

Newton anatulutsa sikuludiraiva.

Kadi yatsopano inalowa, inayaka, nyumba ya magalasi inazungulira mosalala kuposa kale. Bamboyo anatuluka osatsanzika bwino, tiyi amene anamupatsa ali chizizirire pawindo. Mayi Kachingwe anamuyang'ana pazenera mpaka anakhota kolowera kokwerera basi. Mtima unakhala pansi koyamba sabata yonseyo. Anthu ophunzira amataya masiku asanu akusintha mawaya, pamene nkhani yake ndi yongomugwira munthu pakhosi.

"Pita ukavale shati yoyera ija. Asakuone ngati wadzuka kumene."

Lumbani anawagwira paphewa, n'kunena kuti popanda iwo sakudziwa kuti zikanatha bwanji. Anamukankha kuti afulumire, kwatsala mphindi khumi.

Chitseko cha kuchipinda chitangotsekeka, anakoka kabeseni kamene anakabisa kuseri kwa sofa Newton akugogoda. Anagwada n'kukweza nsalu ya patebulo. Zovala zamkati za mayi siziyanikidwa pakhonde, ndipo mwana wamwamuna saziona, koma chiyambire Lolemba anali atazipezera malo abwino. Anaziyala zonyowa pa mabowo onse a bokosilo, pamwamba ndi kumbuyo komwe, pamene pamatuluka kamphepo kofunda, n'kutsitsa nsalu ija bwinobwino.

Pofika 4 koloko zikhala zitauma gwa.