Mthunzi wa Sitolo ya Felesiya

Lamulo la khonsolo linali lakuti sitolo iliyonse yatsopano izipereka mthunzi wa maola atatu kwa oyandikana nayo, ndipo pulani siinkadutsa eni khomo loyandikanalo asanadinde chala.

Lachiwiri masana mlembi wa khonsolo anaimika makina pabwalo pa Elube. Makinawo anaonetsa sitolo yosanja imene Felesiya, mng'ono wake wa Elube, ankafuna kumanga, n'kujambula pansi pomwe mthunzi udzagwere.

"Ndiye kuti ana azisewera panja ngati kale," anatero a Malikebu, amuna a Elube, akuyeza mzerewo ndi mapazi. "Mayi a Sitiveni, dindani."

Elube anangoti maso dwii pa mawindo a pamwamba. Pulani yake ya kaokala makina omwewa anaikana kawiri.

"Khonde lonseli n'la chiyani?" anafunsa. "Kudzatiyang'anira pansi?"

"Achemwali, khondelo ndi limene likufikitsa mthunzi kwanu," anayankha Felesiya motsitsa mawu.

Elube anakumbukira mmene mwana wake Sitiveni anakomokera ndi kutentha mu Okutobala. Anadinda, n'kupukuta chala pachitenje.

"Ndadindira ana," anatero. "Ine muzikandipeza kuseri. Dzuwa ndinalizolowera."