Nyumba imene Sophie anakaona

Ana inu, mkamwini akamalankhula mokoma muzichenjera.

Landilodi atanena kuti atuluke m'nyumba ku Tyrrelstown, kutsidya la nyanja, Sophie analeka kudya ndi kulankhula. Mwamuna wake Tarsizio anati, "Agogo, muvekeni mdzukulu wanuyu, tikaone nyumba ina." Gogo Nachisale anamuveka, namunyengerera mpaka m'galimoto. Tarsizio anabwerako yekha, atakamusiya kuchipatala cha amisala.

Usiku womwewo gogo anatuluka kukataya zinyalala, mvula ikuwaza. Pafupi ndi bini panaima Sophie, chitenje chake chouma gwa.

"Agogo."

Gogo anangoti zii, poti woitana usiku sayankhidwa; ukamuyankha amakutenga.

"Agogo, nyumba ija ndaiona. Zitseko zake sizitseguka ukakhala mkati. Inunso munkadziwa?"

"Ayi, mwanawe!" mawu anawapulumuka.

Sophie anamwetulira, natambasula dzanja. "Ndiye tiyeni. Bedi lina lilipo."