Alendo a Msungichuma

Frackson Kalilombe anawaonera pawindo akutsika galimoto, onse awiri atavala masuti ngati akupita kukhoti. Wotsogolayo anali Nedson, mkulu wa mpingo, amene sabata yonseyi ankanunkhiza paliponse pomwe Frackson wapondapo.

Kwa zaka zambiri Frackson anali msungichuma wa bungwe la maliro la Amalawi a ku Wolverhampton. Anzake ankamutcha Nduna ya Zachuma, iye n'kumakana ndi pakamwa mtima ukusekerera. Munthu akamwalira kuno, ndiye ankathamanga mpaka bokosi litakwera ndege, ndipo palibe anamufunsapo risiti. Nyumba ya ku Whitmore Reans inali ya lendi, galimoto inali yotopa. Chake chenicheni chinali dzina basi.

Dzinalo ndi limene Nedson anayamba kulikanda. Anafunsa manesi anzake a Frackson ku chipatala cha New Cross ngati mkuluyu amamwa. Anafunsa abusa ngati pakhomo pake pamamveka ndewu. Mpaka anaimba foni ku Ntcheu, kufuna kudziwa ngati kumtundu kwawo kunabadwako wa dzanja lalitali. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo chisankho cha bungwe chinali Lamulungu likudzali.

Kuwodi, mzungu wina wokalamba amene kale ankaphunzitsa mbiri yakale anamusimbirapo za nduna ina ya zachuma ya m'zaka za m'ma 1800. Akuti sinabe ngakhale khobidi, koma anthu atangoyamba kunong'onezana za iyo, ntchito inathera pompo. Tsiku limenelo Frackson anangoseka uku akumuyeza magazi. Tsopano nkhaniyo inkamusowetsa mtendere.

Temwani, mwana wamkazi wa mchemwali wake, amene Frackson ankamusunga chifikire kuno, anatsegulira alendowo, kugwada, n'kuthawira kukhitchini. Nayenso masiku amenewa sankamuyang'ana kumaso. Ndiye kuti mphekesera zalowa mpaka m'nyumba mwanga, anaganiza Frackson, ndipo izi zinamuwawa kuposa zonse.

Alendowo anakhala kunsonga kwa mipando, zipewa zili m'manja. Atatha malonje, Nedson anakonza kukhosi.

"Zikomo a Kalilombe, tabwera ndi kankhani. Tisanabwere tinayamba tafufuzako pang'ono za kwanu."

"Pang'ono?" anatero Frackson, mawu ali pansipansi. "Ku hospital mwafikako, ku church mwafikako, mpaka ma call akumudzi. Mwapeza chiyani? Munalephera kundifunsa ine mwiniwake?"

"Mwambo wake umatero, bambo. Ndipotu zomwe tamva..."

"Sungani zomwe mwamvazo. Chimene mwadzera panochi simuchiona ine ndili moyo. Inuyo ndi mtundu wanu wonse, khomo ili musadzalipondenso."

Nedson anayang'ana mnzake, mnzakeyo anayang'ana pansi. Anadzuka osawiringula, monga achitira akuluakulu akakanidwa, n'kuvalira zipewa zawo panja.

"Tamva, a Kalilombe. Tikanena momwemo," anatero Nedson.

Frackson anatseka chitseko akumva kupepukidwa. Anali atawaonetsa kuti mpando wa munthu wolungama salanda ndi miseche. Galimoto itanyamuka m'pamene anamva kusisima kumbuyo kwake. Temwani anali ataima pakhomo la khitchini ndi thireyi ya tiyi, atavala chitenje chatsopano, misozi ikutsika.

"Ankolo, mwawayankha chiyani?" anafunsa. "A Nedson aja ndi amalume ake a Emmanuel, chibwenzi changa. Anabwera kudzafunsira mbeta."