Chivindikiro cha a Nick

"Chikamera chakocho n'chokhomera misomali, Josiah," anaseka a Nick, mlendo amene Josiah ankamuonetsa nyama ku Lupande. "Chikangoti khatcha, nyama zonse zibalalika."

Kamera ya Josiah ya filimu, imene mlendo wina anaisiya osaifunsanso, inalidi yolemera ndi yaphokoso, koma ukasuzumiramo umaona zomwe diso lake likuona. Ya a Nick inali yodula, yofatsa, yosuzumira pa kazenera kapambali.

Mwadzidzidzi nyalugwe anatsika mumtengo, mwana wake ali kukamwa. Zaka zitatu a Nick akhala akubwerera zimenezi.

"Bwana, kamera yanuyo…"

"Shii! Usandisokoneze!"

"Komatu bwana…"

"Ndati khala chete!"

A Nick anajambula mpaka filimu kutha. Josiah anadina kamodzi kokha, khatcha! Nyalugwe uyo, zii m'tchire.

"Waona? Mwayi ine ndatenga zithunzi thate sikisi," ananyadira a Nick.

Chithunzi cha Josiah chili pakhoma la loji yogona alendo mpaka lero: nyalugwe poteropo, a Nick apa atatsinzina diso limodzi, chivindikiro chili chitsekere pa diso la kamera yawo.