Madzi Osambitsira Maliro

Bambo Chikadza anatsirizika dzuwa litangotuluka, koma mkazi wawo Nasibeko sanalire. Anawatseka maso, n'kutenga ndowa.

Mjigo wa m'mudzimo unkapatsa munthu aliyense wamoyo gawo lake, longokwanira kumwa ndi kuphikira. Ukangomva mfuu ya maliro, unkafufuta dzina la womwalirayo nthawi yomweyo. Anapempha zimenezi ndi a komiti, ati anthu ankatungira akufa. Bambo Chikadza omwewo anakweza nawo mkono pamsonkhanopo.

Pakhomo Nasibeko anakumana ndi mlamu wake Nachuma, amene anali pafupi kuyamba kulira.

"Mlamu, gwirani pakamwa. Mukalira, achimwene anuwa tiwasambitsa ndi chiyani?"

"Mwana wa mayi anga afe ngati nkhuku, popanda womulira?"

"Pirirani mpaka ndowa idzaze."

Kumjigo amayi anzake anamufunsa za odwalawo. "Lero agonako," anayankha. Anatchula dzina la mwamuna wake, madzi n'kuyamba kutuluka.

Ndowa itangofika pakati, kunyumba kunamveka mfuu ya Nachuma. Mjigo unaleka.

Nasibeko anasenza madziwo. Ankayenda pang'onopang'ono, khosi lili njo, kuti kulira kwake kusatayitse ngakhale dontho.