Bambo Wachipewa Chakuda

"Musacheuke abambo, akutilondolabe," mayi ananong'oneza mwamuna wake.

Munthu wachipewa chakuda anayamba kuwatsatira pachipilala cha asilikali. Patchalitchi chakale analipo, panyumba ya malamulo analiponso. Banjali linali lachilendo mulikulu muno. Linasiya zojambula zithunzi n'kuyamba kukhotakhota m'tinjira tosadziwika, mitima ili m'mwamba, mpaka kanjira kena kanakathera pakhoma.

Mwamuna wa mayi uja anatola mwala n'kutembenuka. "Mukufuna chiyani kwa ife?"

Munthuyo anavula chipewa, akupuma mwawefuwefu.

"Pepani achimwene, ndine mlendo, ndasochera kuyambira m'mawa. Nditaona mmene mukuyendera ngati eni mzinda, ndinati ndizingokutsatani. Kodi kudepoti tayandikira?"