Jezi ya m'Bokosi

Don Osvaldo Bengochea anavula kiyi yemwe amayenda naye m'khosi n'kutsegula bokosi lachitsulo patebulo la kukhitchini. Fungo linatsogola, jezi inabwera pambuyo. Mkazi wake Nélida, yemwe ankathira madzi otentha m'chikho cha tiyi wakuno wotchedwa mate, anangokankha zenera kuti litseguke.

Linali Lamlungu masana, kutatsala maola awiri kuti Atlético Puente Quemado ilowe m'bwalo. Timu imene chaka chatha inanyamula chikho cha chigawo chonse inali itagonja masewero naini motsatizana. Naini! Osvaldo akayamba kuwatchula anyamatawo, malovu ankachita kuthovoka. Goloboyi, manja ngati wadzola batala. Womwetsa zigoli, chimimba kutsogolo chifukwa cha nyama yootcha yaulere ya m'makomo mwa masapota. Kochi naye kumangoima pamzere, manja m'thumba, ngati akudikira basi. Zinyalala zokhazokha.

Komabe anyamatawo anali omwewo amene anatenga chikho. Ndiye vuto silinali m'miyendo ayi. Panali wina amene anabweretsa minyama.

Kuno timu ikamapambana, aliyense amagwira mwambo wake osausintha. Lucho wa kubutchala amalowa pageti ndi mwendo wamanzere. Mayi Azucena amamvera wailesi atafulatira. Osvaldo wake unali jezi. Anaivala pa masewero oyamba a chaka cha chikho, timu inapambana, ndipo usiku usanagwe analamula nyumba yonse kuti jeziyo isakhudze madzi. Chaka chonsecho inkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, kuyambira Lolemba m'mawa iye akamapita kuntchito kusiteshoni ya sitima mpaka Lamlungu. Kubwalo ankachita kudzigunda pamtima kuti thukuta la opambana silinunkha, n'kumawakakamiza anzake kuti anunkhize m'khwapa. Ankanunkhizadi, n'kuvomereza modabwa. Chikho chitabwera, Osvaldo anaona kuti chinthu chopatulika chotero sichingamalendewere pamsomali ngati chisanza. Anagula bokosi ndi loko.

Ndiye iye mlandu analibe. Wolakwa ankamudziwa bwinobwino: Fabián, mkamwini wake, kamunthu kometa tsitsi kochokera kulikulu, kamene kanayamba kubwera kubwalo chaka chino. Kungoponda iko pageti, kugonja kunayamba. Munthu wotere kuno timamutcha mufa. Osvaldo anali atatsimikiza kuti lero pa nthawi yopuma aimirira pamasitepe n'kumutchula dzina pamaso pa anthu onse.

Nélida ankadziwa tanthauzo la zimenezo. M'tauni muno ukatchedwa mufa, watha. Palibe amakupatsa moni wa m'manja, ndipo palibe mwamuna angapereke mutu wake kuti uumete. Shopu ya Fabián sikanatha mwezi isanatsekedwe, pamene mwana wawo Griselda anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

"Bambo a Griselda," anatero Nélida akumupatsa tiyi uja, "mwana wa eniyu wakulakwirani chiyani?"

"Mwana? Chinthu chimene chija?" Osvaldo anatsonya. "Chimaomba m'manja mpira ukatuluka kunja! Sabata yatha chinandifunsa kuti wovala zakuda uja ndi wa timu iti. Chibwerere kwawo chikamete agalu."

"Nanga Griselda azidya chiyani?"

"Azidya pano. Kodi mphika unaphwanyika? Timu ikatsika ligi, ndani adzatimvere chisoni ife?"

Anavala jeziyo movutikira, chifukwa inali itauma gwa, kolala itada bii, pamimba pali dontho la mafuta a soseji la mwezi wa Marichi. Ntchentche ziwiri zinalowera pazenera paja. Chaka chino mipando yoyandikana naye kubwalo inkakhala yopanda anthu, ngakhale Lucho anasamukira mzere wina. Osvaldo sankadabwa nazo. Amantha okhaokha, masapota a chikho, osatha kukhala pafupi ndi mwamuna weniweni zinthu zikathina.

Anakweza mkono, nanunkhiza m'khwapa, nkhope n'kukwinyika.

"Wamva? Chaka chatha sinkatere iyi. Mufa uja wafika poononga ndi jezi yomwe."

"Musiyeni mwanayo, chonde. Ndapota nanu."

"Iwe za mpira ukudziwapo chiyani? Khala ndi ketulo yakoyo." Anatseka bokosi, nabwezera kiyi m'khosi, nayamba kufunafuna chipewa. "Anthu a m'tauni muno ndi opepera, mwambo amausunga milungu iwiri basi atopa. Ine zaka ziwiri zathunthu, dontho la madzi ngakhale limodzi ayi! Chimene chinatipatsa chikho ndachisunga monga chinalili. Ndani wina anganene zimenezo? Tchula!"

Nélida anamuyang'ana mwamuna wakeyo kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Zaka makumi atatu ndi zisanu akumva kudzitama kotereku, lero mpamene zinamukwana. Anaika ketulo pambaula pang'onopang'ono, napukuta manja.

"Chaka cha chikho ndinkaichapa Lolemba lililonse mukangotuluka, ndi sopo wosanunkhira, n'kuibwezera pamsomali musanaweruke," anatero. "Ndinasiya sabata imene munagula lokoyo. Ndiye mukaimirira pa nthawi yopuma kuti mutchule mufa, muyambe ndi dzina lanu."